Andibera nambala ya Social Security, kodi inshuwalansi ya identity theft idzandibwezera ndalama?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku South Bend, Indiana, ku America. Walemba motere: "Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, amandilipira pa ola. Mwezi wathawu ndalandira kalata kuchokera ku kampani ina yomwe olo dzina lake sindinalimvepo, akuti makompyuta awo anathyoledwa ndipo dzina langa, tsiku lobadwa ndi nambala ya Social Security (nambala yomwe boma la America limazindikirira munthu aliyense) zili m'gulu la zobedwazo. Chilandirireni kalatayo sindikupeza tulo. A ejenti a inshuwalansi ya nyumba yomwe ndikuchita lendi akuti ndiwonjezere kangachepe kuti ndikhale ndi inshuwalansi ya identity theft (munthu wina akagwiritsa ntchito dzina lako mwakuba), pomwe pa TV ndimaona ena akulonjeza mpaka $1 miliyoni koma yolipira mwezi ndi mwezi. Kodi wina akatenga ngongole m'dzina langa kapena kukokolola ndalama zanga ku banki, inshuwalansi imeneyi idzabweza? Ndigule iti? Ndili ndi ana awiri komanso ndimatumiza kumudzi, ndalama yotaya ndilibe. China, msuweni wanga amagwiritsa ntchito akaunti ya delivery yomwe ili m'dzina langa, kodi pamenepa pali vuto?"

Achemwali, zikomo polemba, ndipo choyamba khazikani mtima pansi. Kalata ngati imeneyi anthu ambiri kuno anailandirapo, ena kangapo konse. Sikutanthauza kuti pali munthu amene wayamba kale kudya m'dzina lanu ayi, ikungokuuzani kuti nambala yanu yatuluka panja ndipo tsiku lina wina atha kuyesa kuigwiritsa ntchito. Mu 2017 akuba atathyola makompyuta a Equifax, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu, anatenga mbiri ya anthu pafupifupi 147 miliyoni, ndipo mu 2024 zomwe zinachitika ku Change Healthcare, kampani yomwe imayendetsa mabilu a zipatala ndi malo ogulitsira mankhwala, zinakhudza anthu pafupifupi 190 miliyoni. Nde mukaganiza chiwerengero cha anthu m'dziko muno muona kuti amene nambala yake sinatulukepo ndi ochepa zedi. Sindikunena izi kuti muitenge nkhaniyi mopepuka, koma kuti mudziwe kuti njira zodzitetezera zilipo kale, ndipo zamphamvu kwambiri mwa njirazo simulipira olo senti.

Tsopano funso lanu lenileni. Ndakhala pa ntchito ya inshuwalansi zaka zambiri ndipo aliyense wondifunsa zimenezi ndimamuyankha chimodzimodzi: inshuwalansi yomwe a ejenti anu akukuuzaniyo nthawi zambiri siibweza ndalama zobedwazo. Imabweza ndalama zomwe inuyo mwawononga poyeretsa dzina lanu. Zili ngati wakuba wathyola nyumba n'kunyamula TV, inshuwalansi iyi siyogula TV ina, ndi yolipira kalipentala wokonza chitseko ndi thiransipoti yanu yopita kupolisi. Anthu ambiri amagula asanamve kusiyana kumeneku, nde tsiku la tsoka likafika amakhumudwa n'kumati a inshuwalansi awaponda, pomwe zonse zinali zolembedwa m'pepala muja kuyambira tsiku losayina.

Zomwe imalipira nthawi zambiri ndi izi: za notary (wotsimikiza kusayina mapepala), kutumiza makalata a certified mail (a pa positi okhala ndi lisiti), mafoni, kujambulitsa mapepala, kutenganso ziphaso, fizi yofunsiranso loni yomwe anakukanizani chifukwa cha ngongole zabodza, loya ngati wina wakusumirani pa ngongole yomwe si yanu kapena pakufunika kufufuta mlandu womwe munthu wina anapalamula atatchula dzina lanu kwa apolisi, komanso malipiro a maola omwe mwajomba kuntchito pothamangitsa nkhaniyi. Ma policy ena amawonjezera ndalama ya wokusungirani ana tsiku lomwe muli kukhothi kapena ku banki. Ikakhala yongowonjezera pa inshuwalansi ya nyumba mtengo wake umasewera pa $25 mpaka $60 pa chaka, ndipo malire a zomwe angalipire nthawi zambiri amakhala pakati pa $10,000 ndi $25,000, ena kuposerapo. Za pa TV zija zimayambira cha m'ma $10 pa mwezi n'kumakwera mpaka $30 ndi kuposa, makamaka mukaikamo banja lonse.

Mwina mukuti nanga ndalama zobedwazo abweze ndani? Apa nde pamene anthu ambiri sadziwa kuti lamulo la dziko lino linawaikira kale mpanda. Pa credit card, lamulo la Fair Credit Billing Act limati munthu wina akagula zinthu ndi khadi lanu popanda chilolezo, inu simungalipire zoposa $50, ndipo ngati anangoba nambala yokha khadi lili m'chikwama mwanu simulipira kalikonse, mabanki ambiri olo $50 yomweyo saifunsa. Pa debit card ndi akaunti ya ku banki lamulo lake ndi lina ndipo limayendera nthawi, apa tcherani khutu. Khadi likatayika kapena kubedwa n'kuuza banki pasanathe masiku awiri a ntchito chidziwireni, mungaluze mpaka $50 basi. Mukachedwa kupitirira apo zitha kufika $500. Mukalola masiku 60 kudutsa chitumizireni statement yoonetsa kubako inu osanena kanthu, zomwe zabedwa pambuyo pake mutha kuluza zonse. Banki ikalandira dandaulo lanu ili ndi masiku 10 a ntchito ofufuzira, ikafuna nthawi yotalikirapo imayenera kukubwezerani kaye ndalamazo mongoyembekezera kufufuza kukupitirira. Ndi chifukwa chake ndimauza anthu kuti chizolowezi chotsegula app ya banki n'kuyang'ana zomwe zatuluka, olo kamodzi pa sabata muli pa buleki, chimateteza ndalama zambiri kuposa policy iliyonse yomwe ndingakugulitseni.

Ngongole yomwe wina watenga m'dzina lanu nayo si yanu, ndipo musadzailipire olo pang'ono pofuna kuti asiye kukuimbirani, chifukwa kulipirako kumaoneka ngati mwavomera. Mumapita pa IdentityTheft.gov, tsamba la bungwe la boma la FTC, mumalemba zomwe zachitika, limakupatsani lipoti, ndipo lipoti limenelo mukalitumiza ku Equifax, Experian ndi TransUnion, makampani atatu osunga mbiri ya ngongole, pamodzi ndi umboni woti ndinu ndani ndi kalata yotchula ngongole zabodzazo, lamulo limati azitseke pa mbiri yanu pasanathe masiku anayi a ntchito. Pa pepala zimaoneka zophweka choncho. Zoona zake n'zoti zimadya nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene ikukukhudzani inuyo.

Ndikumbukira bambo wina wogwira ntchito ku fakitale amene anadziwa za vuto lake tsiku lomwe anapita kukatenga galimoto pa loni. Anamuuza kuti ali ndi ngongole ya mafoni komanso lendi ya apartment ku state ina yomwe iye sanapondeko chibadwire. Pamapeto pake ngongole zimenezo sanalipire olo dola imodzi, zonse zinafufutidwa, koma maofesi onse ofunika amatsegula masana pomwe iye ali pa shifiti, nde ankangojomba, lero kupolisi, mawa ku banki, mkuja wakhala pa foni theka la tsiku akumupatsira uyu ndi uyu. Tsiku lomwe anabwera kudzalemba kleimu anatulutsa envelopu ya khaki yodzaza timalisiti tobiriwira ta certified mail, kalikonse atalemba kumbuyo kuti kanapita kuti, ndi kope la ana a sukulu momwe analembamo tsiku, ola ndi dzina la aliyense amene analankhula naye. Titawerengera, za positi ndi notary zinali ndalama yochepa, chachikulu chinali malipiro a mashifiti aja, ndipo analipidwa chifukwa anali ndi ma pay stub ndi kalata ya abwana ake yotsimikiza masiku omwe sanagwire. Chomwe a inshuwalansi anamukanira ndi ndalama ya loya, poti loyayo anamupeza yekha n'kumulipira asanaimbire a inshuwalansi, pomwe policy inanena kuti ayenera kuvomereza kaye. Zinandipweteka mtima chifukwa foni imodzi yokha ikanamupulumutsira ndalama imeneyo.

Munthu wa salary yemwe ali ndi masiku a tchuthi olipidwa atha kukhala pa foni mu ofesi mwake malipiro osasintha. Inu mukasiya shifiti ndiye kuti tsiku limenelo palibe cholowa, lendi ikudikira, kumudzi akudikira. Nde kwa inu gawo la malipiro otayika ndi limene muyenera kuliwerenga mofatsa, chifukwa limakhala ndi malire akeake, ena amati ndalama zakuti pa sabata kwa masabata akuti basi, ena sawerengera ovataimu kapena mashifiti ongotola omwe sanali pa ndandanda, ndipo ena salipira ngati munagwiritsa ntchito masiku anu a tchuthi. Funsani zimenezi musanasayine.

Za $1 miliyoni ija musatengeke nazo mtima. Mu 2015 makompyuta a ofesi yoona za ogwira ntchito m'boma la America, OPM, atathyoledwa, aphungu a Congress analamula kuti okhudzidwa apatsidwe inshuwalansi ya $5 miliyoni aliyense. Bungwe la GAO lomwe limafufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma litaunika nkhaniyi mu 2017, linapeza kuti ndalama yaikulu choncho inali yosafunikira chifukwa makleimu omwe amalipidwa kawirikawiri sapitirira madola masauzande ochepa. Nambala yaikulu ija imagulitsa malonda, koma inu mudzalandira zokhazo zomwe muli nazo lisiti. Komanso palibe kampani yomwe ingatseke kuba kwenikweniko. Mkulu wakale wa LifeLock, kampani yogulitsa mapulani otere, Todd Davis, ankalengeza nambala yake ya Social Security poyera pa zotsatsa malonda pofuna kuonetsa kuti chitetezo chawo n'cholimba, ndipo zinadzadziwika kuti anthu anaigwiritsa ntchito mwachinyengo maulendo osachepera 13. Kampaniyo inalipira $12 miliyoni mu 2010 pa nkhani ya malonjezo opitirira muyeso, kenako $100 miliyoni mu 2015 FTC itaisumira kuti sinatsatire zomwe anagwirizana. Sindikuti mapulani amenewa ndi opanda ntchito, ayi, amakuchenjezani msanga wina akayesa kutsegula akaunti, koma kuchenjeza ndi kutseka ndi zinthu ziwiri.

Ndinene mwachilungamo kuti mapulani ena a mwezi ndi mwezi ali nalo gawo lobweza ndalama zobedwa mu akaunti, amalitcha stolen funds reimbursement. Koma werengani bwino, limabwera pambuyo pa banki, kutanthauza kuti muyambe mwadandaula ku banki ndipo iwo amangokwaniritsa zomwe banki sinabweze, komanso ambiri salipira ndalama zomwe mwatumiza ndi dzanja lanu. Apa nde pomwe anthu athu ambiri amalirira. Wina akukuimbirani akuti ndine wa ku banki, akaunti yanu ili pa ngozi, sunthani ndalama pa Zelle (njira yotumizira ndalama pa foni) pompano, kapena akuti ndine wa IRS (bungwe la boma lotolera msonkho) gulani ma gift card, inu n'kutumiza nokha. Pamenepo banki imati munaloleza nokha, a inshuwalansi nawo amati uku sikuba dzina koma kupusitsidwa. Ndipo dziwani kuti makalata ngati mwalandirawa akatuluka, akathyali nawo amadzuka n'kumaimbira anthu ngati akufuna kuwathandiza. Aliyense wokuimbirani pa nkhaniyi dulani foni, muimbe nokha nambala yomwe ili kumbuyo kwa khadi lanu.

Tibwere kwa msuweni uja, ndipo pano ndilankhula mosapsatira chifukwa vuto limeneli ndi lalikulu kuposa kalata mwalandirayo. Ndikumvetsa bwino chifukwa chake mumachita, m'bale wafika, alibe pogwira, simungamuyang'ane akuvutika. Koma mukampatsa munthu dzina lanu kapena nambala yanu mwakufuna kwanu, chilichonse chotuluka pamenepo si identity theft pamaso pa inshuwalansi, ndipo sadzalipira. Ma policy ambiri amakananso ngakhale wachibale kapena wokhala naye nyumba imodzi atachita inu osadziwa, ena amalola pokhapokha mutakamuneneza kupolisi, chomwe ambiri a ife sitingachite kwa mwana wa amalume. Kupatula za inshuwalansi, ndalama zonse zomwe msuweni wanu akupanga pa akauntiyo kampani imazilemba ku IRS m'dzina lanu, fomu ya 1099 yoonetsa ndalamazo ibwera kwa inu, ndipo msonkho wake adzafunsa inu. Mukapanda kuziika pa mapepala a msonkho kudzabwera kalata yoti munabisa ndalama. Zitha kusokonezanso thandizo lililonse lomwe inu kapena ana mumalandira potengera kuchuluka kwa malipiro anu. Atachita ngozi pa msewu ali pa delivery, dzina lomwe lili pa akaunti ndi lanu. Ndipo chonde, zikadzavuta musadzayese kulemba lipoti ku FTC kapena kupolisi kuti anakuberani dzina pomwe munampatsa nokha, kunama pa lipoti limenelo ndi mlandu pawokha, ndipo kwa munthu amene nkhani zake za mapepala okhalira m'dziko zikadali m'njira, mlandu wa bodza umawononga zambiri. Khalani naye pansi msuweni wanu mwaulemu, mumuuze kuti izi ziyenera kutha, kenako muonane ndi munthu wodziwa za msonkho pa ndalama zomwe zalowa kale, ndipo ngati pali za immigration mbali yanu kapena yake, funsani loya wa zimenezo musanalembe kalikonse ku boma.

Tsopano zomwe ndikufuna muchite sabata ino, musanagule chilichonse. Ikani credit freeze, komwe ndi kutseka mbiri yanu ya ngongole, ku Equifax, Experian ndi TransUnion, kulikonse payokha chifukwa pa freeze sauzana. Kuyambira mu September 2018 lamulo linati zimenezi zikhale zaulere, kuika ndi kuchotsa komwe. Freeze ikakhalapo, wobwereketsa ndalama sangaone mbiri yanu, nde wakuba olo akhale ndi nambala yanu ndi tsiku lobadwa, loni kapena khadi latsopano zimakanika. Makhadi omwe muli nawo kale amagwirabe ntchito, credit score yanu siikhudzidwa, ndipo tsiku lomwe inuyo mukufuna loni ya galimoto kapena apartment ina mumachotsa pa foni kapena pa intaneti, lamulo limati achotse pasanathe ola limodzi. Ana anu ngati sanakwane zaka 16 mutha kuwaikira nawonso, zimafuna kutumiza mapepala monga satifiketi yobadwira, n'zotopetsako koma nambala ya mwana akuba amaikonda chifukwa palibe amene amaiyang'ana mpaka mwanayo atakula n'kukafunsa loni ya sukulu. Palinso fraud alert, chenjezo louza obwereketsa kuti atsimikize kaye kuti ndinu, yomwe mumangouza kampani imodzi mwa zitatuzo iyo n'kuuza zinzake, imakhala chaka chimodzi, kapena zaka 7 ngati muli ndi lipoti loti anakuberani kale. Mbiri yanu ya ngongole mutha kuiona ulere sabata iliyonse pa AnnualCreditReport.com, itsitseni lero muone ngati mulibe akaunti kapena adiresi yachilendo.

Freeze siitseka zonse. Siiletsa munthu kulemba msonkho m'dzina lanu n'kulandira refund yanu, ndalama ya msonkho yomwe boma limabweza, ndipo ili ndi vuto lowawa kwa mayi wa ana awiri amene amawerengera ndalama imeneyo kumayambiriro kwa chaka. Ofesi ya National Taxpayer Advocate, yoimira okhoma msonkho, inanena mu 2024 kuti milandu yotere IRS imatenga pafupifupi zaka ziwiri kuti iimalize, ndipo palibe inshuwalansi yomwe ingafulumizitse mzere umenewo. Mankhwala ake ndi IP PIN, nambala ya manambala 6 yomwe IRS imapereka ulere, imasintha chaka ndi chaka, ndipo popanda iyo wina sangalembe msonkho pa intaneti ndi nambala yanu. Tengani yanu, muwatengerenso ana. Tsegulaninso akaunti ya my Social Security kuti muziona ngati palibe malipiro a kuntchito komwe simunagwireko, ndipo pa myE-Verify pali Self Lock yotsekera nambala yanu kuti wina asalembedwe nayo ntchito kumalo omwe amagwiritsa ntchito E-Verify, njira ya boma yotsimikizira kuti munthu ndi wololedwa kugwira ntchito, mungokumbukira kutsegula mukamasintha ntchito. Ku kampani ya foni yanu ikani PIN yoletsa kusamutsa nambala, poti wakuba akalanda nambala ya foni ma code onse a ku banki amapita kwa iye. Ndipo mapepala omwe inshuwalansi ya chipatala imatumiza ofotokoza thandizo lomwe mwalandira musamangotaya, mukaona dokotala yemwe simunamuonepo imbani.

Kalata yanu ija muiwerengenso mpaka kumapeto. Makampani ambiri akathyoledwa amapereka chaka chimodzi kapena ziwiri za credit monitoring (kukulonderani mbiri ya ngongole) ulere, ndipo kawirikawiri mkati mwake mumakhala kale inshuwalansi yomweyi ndi anthu othandiza kukonza zinthu. Mumakhala code ndi tsiku lomaliza kulembetsa, ambiri amaphonya tsikulo kalata ili pa friji. Funsaninso ku HR kuntchito kwanu, malo ena amapereka zimenezi ngati mbali ya ma benefit, komanso makhadi ena ndi ma credit union ali nazo. Si bwino kulipira chinthu chomwe muli nacho kale.

Nde mugule kapena ayi? Maganizo anga ndi awa. Ya mwezi ndi mwezi ija, kwa munthu amene waika freeze ndi IP PIN komanso ali ndi monitoring yaulere ya m'kalata, sindikuona chifukwa chotulutsira $200 kapena $300 pa chaka, ndalama imeneyo ipite kwa ana kapena kumudzi. Yowonjezera pa inshuwalansi ya nyumba ija ndingakulimbikitseni kutenga, ngati mtengo wake uli m'malire ndatchula aja ndipo ili ndi zinthu ziwiri. Choyamba malipiro otayika. Chachiwiri, chomwe kwa ine ndi chamtengo wapatali kuposa ndalama zenizenizo, ndi munthu wokuyendetserani nkhani, amamutcha case manager kapena restoration specialist. Apa funsitsani, chifukwa ena amangokupatsani nambala yoimba n'kukuuzani zoti muchite, pomwe ena mumasayina pepala lowapatsa mphamvu zochepa zokuimirani ndipo amaimba okha mafoni, kulemba okha makalata ndi kutsatira mpaka ngongole yabodza itafufutika. Kwa munthu wogwira mashifiti, wotopa, amene akulimbana ndi makalata a chilankhulo cha maloya, kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri. Afunseninso a ejenti za deductible, ndalama yomwe mumayamba mwalipira nokha iwo asanayambe, chifukwa ikakhala $250 kapena $500 ndiye kuti za positi ndi notary zonse zithera m'thumba mwanu, bola yopanda deductible. Afunseni ngati ana ali momwemo. Ndipo auzeni za kalata mwalandirayi, awayankhe polemba ngati kuba komwe kungadzachokere pa kuthyoledwa kumeneku kudzalipidwe, popeza ma policy ambiri sakhudza vuto lomwe linayamba kapena lomwe munalidziwa musanagule. Kalata yokha si kuba, koma ngati mutapeza kale akaunti yachilendo pa mbiri yanu lero, inshuwalansi yogula mawa siidzaikhudza imeneyo.

Zikadzachitika ndithu, Mulungu aletse, imbirani banki kaye, kenako lipoti la FTC, lipoti la kupolisi poti a inshuwalansi ambiri amalifuna, ndipo a inshuwalansiwo auzeni msanga chifukwa nawo ali ndi masiku awo omwe mukadutsitsa amakana. Musalembe loya musanawauze. Sungani kalikonse, lisiti, envelopu, dzina la amene mwalankhula naye. Wotolera ngongole akakulemberani muli ndi masiku 30 oti mutsutse polemba kalata, osangokangana naye pa foni. Mulinso ndi ufulu wopempha kampani yomwe inatsegulira wakubayo akaunti kuti ikupatseni mapepala omwe iye analemba, ndipo iyenera kupereka pasanathe masiku 30.

Pali nthawi zina zomwe simuyenera kulimbana nazo nokha olo pang'ono. Mukalandira samani ya kukhothi pa ngongole yomwe simukuidziwa, musaiike pansi poti si yanu, masiku oyankhira ndi ochepa ndipo alembedwa pa pepala lomwelo, mukapanda kuyankha khothi limagamula inu kulibe n'kuyamba kudula malipiro anu, ndipo kubweza chigamulo chotero n'kovuta kuposa kuyankha poyamba. Chimodzimodzi mukamva kuti pali mlandu wa kupolisi m'dzina lanu, kapena background check ya kuntchito yatulutsa zinthu zomwe simunachite, zomwe pa ntchito yosamalira okalamba zitha kukuchotsetsani tsiku lomwelo, pezani loya msanga. Indiana Legal Services imathandiza ulere anthu opeza zochepa, ofesi ya Attorney General wa Indiana ili ndi nthambi yoona za identity theft, ndipo bungwe la Identity Theft Resource Center limalangiza pa foni popanda kulipiritsa. Ngati Equifax, Experian kapena TransUnion akukana kuchotsa ngongole yabodza inu mutatumiza zonse, dandaulani ku CFPB, bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ndalama, komanso maloya ambiri a nkhani zotere safuna ndalama patsogolo chifukwa lamulo limalola kuti mukapambana fizi yawo ilipidwe ndi kampani yolakwayo. A inshuwalansi akakana kleimu yanu, apempheni chifukwa chake polemba atatchula ndime ya policy yomwe aimirapo, ndipo ngati simukukhutira kadandauleni ku Indiana Department of Insurance, n'kwaulere.

Mukapita kwa a ejenti musangotenga kabulosha kokongola kaja, pemphani pepala lenileni lomwe amalitcha endorsement, limakhala masamba ochepa chabe, mupite nalo kunyumba muwerenge gawo la exclusions, lotchula zomwe salipira, mutakhala pansi. Pakakhala ndime yomwe siikumveka ijambuleni munditumizire, mutabisa dzina lanu ndi nambala ya policy, tidzaiwerengera limodzi musanalipire.